Makosi M'mwamba ku Mzilawaingwe

Ku Mzilawaingwe kwabuka mtundu wa anthu oyenda khosi lili m'mwamba. Poyamba tinkayesa ndi mpingo watsopano, pajatu ku Mzuzu kuno mpingo suchedwa kumera. Ena anati ndi a magetsi akufufuza olumikiza mawaya mwakuba, ndipo nyumba zingapo zinagona mumdima sabata yathunthu popanda wozilamula. Koma ayi ndithu, awa ndi anthu oonerera mbalame.

Mtsogoleri wawo ndi bambo wina wopuma pantchito ya choko, yemwe dera lonse limangomutchula kuti Aphunzitsi. Pambuyo pawo pamayenda anyamata awiri ndi mtsikana mmodzi a ku yunivesite ya Mzuni, komanso mkulu wina amene kale ankaperekeza alendo ku Nyika. Katundu wawo ndi magalasi oonera patali, kope, cholembera, ndi buku lolemera loti ukaligwetsera paphazi ukagonekedwa. Si mbalame iliyonse imene akuifuna. Pumbwa ndi mpheta sazipatsa ndi moni womwe. Iwo akusaka zolusa zokhazokha: akabawi, mphamba, ziombankhanga, zimene eni dera amati luhera ndi nombo. Makamaka akufuna zosowa, ndi zimene zayamba kuoneka kumene kale kunalibe.

*

Tsiku loyamba Aphunzitsi anaima pamsika kuti anthu adziwe ntchito yawo. Anatulutsa buku lija, The Birds of Malawi, la Françoise Dowsett-Lemaire ndi Robert Dowsett, lomwe linatuluka mu 2006.

"M'Malawi muno muli mitundu ya mbalame pafupifupi 650," anatero akulikweza m'mwamba. "Ku Nyika kokha yoposa 400."

Agogo ogulitsa tomato analiyang'ana bukulo kuyambira kuchikuto mpaka kumapeto.

"Nanga zodyedwa ndi zingati, adada?"

"Amama, buku ili silinena za ndiwo."

"Masamba onsewo, ndiwo osatchulamo? Pepani, anakuberani."

*

Mbalame imene inawasowetsa tulo ndi kabawi wamkulu wakuda kumsana, woyera pachifuwa, amene mabuku amamutcha Black Sparrowhawk. Ndi mbalame yobisala, ya m'mitengo yothithikana, ndipo munthu akhoza kukhala nayo pafupi zaka zambiri osaiona. Gululi linamusaka ku nkhalango ya Kaning'ina, linamusaka ku damu la Lunyangwa, linanyowa ndi mvula ya ku Mzuzu ija yosadziwa kalendala, koma m'kope munangolembedwa akhwangwala. Tsiku lina, akubwerera ali wefuwefu, Aphunzitsi anaima pampanda wa mayi wina woweta nkhuku, nyumba yachitatu kuchokera kwawo.

"Monire amama. Pepani, kodi munaonapo kabawi wamkulu, wakuda, woyera pachifuwa, wa miyendo yachikasu?"

"Wa maso ofiira uja?"

Cholembera chinagwa pansi.

"Yemweyo! Munamuona liti?"

"Lolemba, Lachinayi, ndi dzulo. Amabwera ana akangonyamuka kupita kusukulu. Sazungulira kumwamba muja achitira anzake ayi. Amabisala mu bulugamu wa kuseri kwa tchalitchi, n'kubwera chamunsimunsi motsata mpanda, nkhuku zisanakuwe n'komwe. Ndipo alipo awiri. Wamng'onoyo amatenga nkhunda za aneba, wamkuluyo sanyada, amanyamula ndi msoti womwe."

Aphunzitsi ankalemba manja akunjenjemera. Zonse zimene mayiyo ananena zinali m'buku muja, ndipo zina m'bukumo munalibe.

"Amama, Chiuta akudalitseni. Mbalame imeneyi takhala tikuifuna kuyambira kalekale!"

"Kani ndi yanu?"

"Eee, m'njira ina tinganene kuti ndi ya tonsefe."

"Yayi adada, mwanena nokha kuti munali kuifuna. Inakusowani. Imani pomwepo."

Mayi analowa m'nyumba n'kutulukamo ndi kope lawolawo, la banki mkhonde, kumapeto kwake atalembako nkhuku iliyonse yotengedwa, tsiku lake, mtundu wa nthenga, ndi mtengo wake pamsika wa Zigwagwa. Aphunzitsi analipira misoti itatu. Ana a ku Mzuni anajambula masamba onse a kopelo pafoni, ndipo mpaka lero amalumbira kuti m'chigawo chonse cha kumpoto mulibe kaundula wa akabawi wolongosoka kuposa ameneyo.

*

Za awiri aja, wamkulu ndi wamng'ono, Aphunzitsi anakazifotokoza pampopi pomwe amayi amatunga madzi. Mwa akabawi, wamkazi ndiye wamkulu thupi, nthawi zina kutsala pang'ono kumuwirikiza mwamuna kulemera kwake. Wamkazi akamafungatira mazira, wamwamuna ndiye amasaka, n'kubweretsa nyama pachisa tsiku ndi tsiku, atachotseratu ndi nthenga zomwe.

Panali zii. Kenako mayi wina anatsitsa ndowa.

"Mwati amabweretsa ndiwo tsiku ndi tsiku? Zososola kale?"

"Ndi mmene analengedwera, amama."

"Nanga mukutiuziranji ife? Kalembeni pachikwangwani mukakhome kumalo omwera mowa."

*

Vuto la magalasi oonera patali m'dera ngati lathu n'lakuti mabafa ambiri alibe denga. Mmodzi wa anyamata a ku Mzuni anakwera pachulu m'mawa wina, n'kulunjika magalasi kumtengo wa mapeyala pomwe panatera kamphamba. Mtengowo unali kuseri kwa bafa. M'bafamo munali alamu ake a munthu wina wosachedwa kupsa mtima. Pofika 8 koloko mnyamata anali atakhala pansi kwa amfumu a m'dera, kolala ya shati itang'ambika.

"Mwana wanga, umayang'ana chiyani?"

"Mbalame, adada."

"Onse amene abwera pano ndi mlandu woterewu amatero."

Aphunzitsi anafika ndi buku, natsegula tsamba la kamphamba kaja, nafotokoza za mizere ya pamimba pake ndi za abuluzi amene kamadya. Amfumu anapukusa mutu n'kunena kuti aone okha mphamvu ya chipangizocho asanagamule. Anachigwira chozondoka, nayang'ana bafa lija.

"Aa, mlandu palibe. Bafali likuoneka lili ku Ekwendeni."

Odandaula anakuwa kuti atembenuze. Amfumu anatembenuza, nasuzumiranso, nayendetsa magalasi pang'onopang'ono kudutsa bafa, kudutsa mtengo wa mapeyala, mpaka kukafika pachiwaya cha tchipisi kutsidya kwa dambo. Pamenepo anaima nthawi yaitali.

"Uyo wavala jekete yofiirayo si mkamwini wanga? Amene anandibwereka ndalama n'kunena kuti ali ku Joni?"

Mlandu unathera pomwepo. Chigamulo chinali chakuti oonerera mbalame azikuwa "odi" katatu asanakweze magalasi, ndiponso kuti chipangizocho chigone kwa amfumu masiku awiri ngati umboni. Lamulo la "odi" likugwirabe ntchito. Mbalame nazo zinalizolowera: zikangomva odi woyamba, zimauluka.

*

Mkulu wa ku Nyika uja ndiye amadziwa kukamba za mbalame zosamuka malo. Madzulo ena pa siteji ya njinga za kabaza, zija timati masakaramento, anayamba kufotokoza kuti kabawi wakuda yemwe uja, zaka za m'ma 1990 zisanafike, ku Cape Town sankaswana. Zisa zoyamba kumeneko zinapezeka kumayambiriro kwa zaka zimenezo, ndipo lero ndi mbadwa ya mumzindawo, moti akatswiri a ku University of Cape Town amawaveka anapiye ake timphete tamitundumitundu kumiyendo kuti aziwazindikira. Chinamukoka n'chiyani? Mitengo yobwera, paini ndi bulugamu, yomwe ndi yaitali bwino pomanga chisa, komanso nkhunda ndi njiwa za m'tauni zonenepa ndi zotaya anthu. Ndipo ambiri a ku Cape Town ndi akuda thupi lonse, pomwe kwina konse ochuluka ndi a chifuwa choyera.

"Ndiye nayenso ndi mtchona?" anafunsa mnyamata wina atatsamira njinga yake.

"Tingatero."

"Anadzera pa Mwanza kapena pa Dedza? Nanga pa Beitbridge anasiyapo zingati?"

"Mbalame sifuna pasipoti, iwe."

"Nanga kumudzi amatumiza kalikonse? Ngakhale bulangeti?"

Mkulu uja anapitiriza osawalabadira. Anati moyo wa kumeneko si wofewa ayi, chifukwa kuli atsekwe ena, Egyptian Goose, amene amadikira kabawi amange chisa chake bwinobwino, iwo n'kulowamo, kuikira mazira awo, mwini chisa n'kumangoyang'ana ali panthambi.

Bambo wina wa nyumba za lendi, amene ankangomvetsera chamumtima, anadzuka pabenchi.

"Tsekwe ameneyo ndikumudziwa ine. Ali m'nyumba yanga ya kuseri kuyambira Januwale."

Tinaseka, koma nkhani ya paini ndi bulugamu ija si ya ku Cape Town kokha. Mzuzu unayamba mu 1947 ngati esiteti ya mitengo ya tung, unakhala mzinda mu 1985, ndipo pa kalembera wa 2018 munali anthu oposa 220,000. Kummwera kwathu kuli Chikangawa, mahekitala pafupifupi 53,000 amene anadzalidwa paini, ngakhale moto ndi macheka zamudya kwambiri. Mitengo yachilengedwe ya m'mapiri otizungulira ikulowa mumzinda tsiku lililonse ili m'matumba a makala. Pamene nkhalango ikuchepa, m'makomo mwathu mukuchuluka bulugamu, nkhunda, anapiye, ndi makoswe a pamitaya. Kabawi si chitsiru. Ife tinamugwetsera nyumba n'kumutsegulira lesitilanti, ndiye tikudabwa kuti wabwera kudzadya.

*

Lipoti lalikulu la chaka chatha linachokera kwa mnyamata wachiwiri wa ku Mzuni. Anaimba foni akupuma mwabefu: kumwamba kwa Chiputula kukuuluka chiombankhanga chakuda bii, chosakupiza mapiko n'kamodzi komwe, chongokwera ndi mphepo. Gulu lonse linathamanga. Mtsikana uja anali atayamba kale kulemba tsiku ndi nthawi. Mkulu wa ku Nyika anati kaulukidwe kotere sanakaonepo ngakhale ku Chelinda. Chinazungulira, chinatsika, chinatsikabe, mpaka chinakodwa pawaya wa magetsi.

Linali jumbo lakuda.

Aphunzitsi anavula chipewa, nalamula kuti lilembedwe ndithu m'kope.

"Mtundu uwu boma linauletsa mu 2015, ndipo khoti la Supreme linatsimikiza chiletsocho mu 2019. Koma taonani ana anga, palibe kabawi amene wafalikira dziko lino kuuposa."

*

Mvula yoyamba ikagwa, ngumbi n'kuyamba kutuluka, kumwamba kumadzaza alendo. Kamtema wa mlomo wachikasu, uja amalanda nyama m'manja mwa mwana wotumidwa kubutchala, amakhala atafika kale cha mu Ogasiti kuchokera kumaiko a kumpoto kwathu mu Africa momwemu. Koma mlendo amene Aphunzitsi amamuvalira tayi ndi kamphamba kotchedwa Amur Falcon. Kamaswana kummawa kwa Siberia ndi kumpoto kwa China. Kulemera kwake ndi magalamu 150 kapena kuposerapo pang'ono, kosakwana ndi kota ya kilo yomwe. Kamadutsa ku India, n'kuwoloka nyanja yamchere ya Indian Ocean makilomita oposa 3,000 osatera paliponse, n'kutulukira kummawa kwa Africa, kudutsa kwathu kuno cha mu Novembala ndi Disembala kulowera kummwera. Kupita ndi kubwerera ndi makilomita pafupifupi 22,000 chaka chilichonse.

Anyamata a sakaramento anawerengetsa ndi zala.

"Makilomita onsewo kopanda pasenjala?"

"Kopanda."

"Ndi pobwerera pomwe?"

"Ndi pobwerera pomwe."

"Bizinesi imeneyo singapite patali."

Agogo a tomato aja anafuna kudziwa chimene kamadzatsata kuno. Atamva kuti ndi ngumbi, dzombe ndi tizilombo tina touluka, anakwiya zenizeni.

"Kuchoka ku China kudzadya mphalata zathu? Kwawo kulibe chulu? Anatitengera kale msika wa mapoto ndi nsapato, tsopano alowa ku ndiwo!"

Aphunzitsi anawakhazika mtima pansi ndi nkhani ya ku Nagaland, kumpoto chakummawa kwa India. Kumeneko timbalameti timapuma pa damu la Doyang tisanawoloke nyanja, ndipo mu 2012 dziko linadzidzimuka kumva kuti anthu ankatikola ndi maukonde toposa 100,000 pachaka, kuwamba n'kumagulitsa. Chaka chotsatira, mudzi wa Pangti ndi midzi yoyandikana nawo inagwirizana zosiya, ndipo alenje omwe aja anasanduka alonda ndi operekeza alendo obwera kudzaona mbalamezo.

"Alendowo amalipira?" anafunsa agogo.

"Amalipira."

"Kungoona basi, osadya?"

"Osadya."

Agogo anakhala chete kwakanthawi, kenako anakankhira tomato wawo kutsogolo.

"Ndiye inu mwakhala mukuyang'ana tomato wangayu kuyambira muja. Yambani kulipira."

*

Mtsikana wa ku Mzuni ndiye wodekha pagulu lonse, koma tsiku lina naye anafika kwa Aphunzitsi akuthamanga, nsapato zili m'manja. Anati waona kambalame kofiirira ngati bulauzi ya kwaya, kakuyenda pansi m'munda wa chinangwa, ndipo wafufuza buku lonse, mulibemo. Aphunzitsi anayamba kale kuganiza za dzina lachilatini lokhala ndi Mzilawaingwe kumapeto. Anakwawa m'chinangwamo, maondo a thalauza n'kutha. Kambalame kanatulukira. Pambuyo pake panatuluka tina tisanu ndi tiwiri tamtundu womwewo, ndipo pambuyo pa tonseto panatuluka thadzi.

Mwini wake anali atatsamira khasu, akuwaonerera.

"Ndinatipaka GV, adada. Luhera akationa amayesa si anapiye."

Aphunzitsi anadzuka, nasasa dothi, nafunsa ngati njirayo imathandizadi.

"Nanga inu ndi sukulu yanu yonseyo simunapusitsike? Luhera anafika folomu chani?"

*

Pali kabawi wina wosowa kwambiri kumuona, Bat Hawk, amene chakudya chake ndi mileme. Tsiku lonse amangokhala phee mumtengo wamasamba ambiri. Dzuwa likangolowa amatuluka, n'kusaka kwa mphindi makumi awiri kapena atatu basi, kugwira mleme m'malere n'kuumeza wathunthu akuuluka, pakuti kukamwa kwake n'kotambalala modabwitsa. Mdima ukagwira, ntchito yatha. Akazi a Aphunzitsi atamva zimenezi anangoti mbalameyo iyenera kuti ndi ya kuchimuna kwawo.

Tsono kuti umuone uyenera kukaima kumene kumatuluka mileme, nthawi ya chisisira. Kwathu kuno mitengo ikuluikulu yotsala ili kumanda. Anyamata a chitetezo cha m'dera anapeza anthu asanu ataima chete m'mphepete mwa manda, maso kumwamba, wina akulemba m'kope ndi tochi ya foni.

"Mukudikira ndani, madala?"

"Imene imatuluka kukada."

"Imatuluka kumandaku?"

"Tikuganiza choncho. Dzulo sinabwere."

"Nanga mukulembazo?"

"Tikulemba chilichonse chouluka m'dera lino. Dzina, nthawi, ndi kumene chalowera."

Anyamata aja anayang'anana, nabwerera chambuyo osatembenuka. Kutacha, nkhani inali itafika ku Zolozolo ndi ku Chibavi. Usiku wotsatira, anthu atagona, kunamveka kugogoda kwa Aphunzitsi. Anali bambo wina wa golosale yoyenda bwino, atavala suti, nkhuku yoyera ili kukhwapa.

"Adada, ine ndi inu sitinayambanepo. Ndangobwera kudzafunsa ngati m'kope mwanu muja muli dzina langa."

*

Wina amene wayamba kuzolowera m'matauni a kummwera kwa Africa, ndipo nafenso amatiyendera, ndi kabawi wotuwa wa miyendo yaitali, African Harrier-Hawk. Miyendo yake imapindikira kutsogolo ndi kumbuyo komwe, moti amapisa m'mphako ndi m'zisa za mbalame zina, ngakhale pansi pa malata, kutulutsa ana. Nkhope yake ilibe nthenga, ndi yachikasu, koma akatengeka mtima imasanduka yofiira. Telala wa pamsika atamva izi anaimitsa makina.

"Muisamale mbalame imeneyo. Mwa akuba onse a mumzinda muno, ndi yokhayo imene imachita manyazi."

*

Nkhani iyi yokha poyamba sinaseketse munthu. Kamnyamata kena ka sitandade 6, kodziwika ndi legeni, kanamva kuti Aphunzitsi akufuna kamphamba kena kamene kanali kasanalembedwe m'kope. Loweruka m'mawa kanagogoda, kali mwee kumwetulira, kambalame kali lende m'manja.

"Agogo, si iyi mumaifuna? Ndakubweretserani kuti musavutike."

Aphunzitsi anakhala pansi pakhonde osayankhula. Kenako anakafotokozera kuti mbalame yakufa ilibe ntchito kwa iwo, kuti kamphamba kamodzi kamadya makoswe ndi ziwala zambirimbiri pachaka, ndiponso kuti lamulo la nyama zakutchire, limene linakhwimitsidwa mu 2017, limafika mpaka zaka 30 kundende pa milandu ikuluikulu ya nyama zotetezedwa. Mwana anayang'ana legeni yake, nawerengera kuti akatuluke ali ndi imvi. Pomaliza anapangana: legeni ikhale kwa Aphunzitsi, ndipo mwanayo akawaonetsa kabawi wamoyo, ali mumtengo, azilandira ya mandasi.

Sabata yoyamba anawaonetsa mmodzi. Yachiwiri atatu. Pofika mwezi, kope linkaonetsa kuti Mzilawaingwe ali ndi akabawi ochuluka kuposa Vwaza, ndipo mkulu wa ku Nyika anayamba kukamba zolembera a Wildlife and Environmental Society of Malawi. Mtsikana uja ndiye anazindikira kuti akabawi onsewo akusowa nthenga imodzimodzi kuphiko lamanzere. Mwana ankadziwa mitengo yonse imene mbalame imodziyo imapumamo, ndi nthawi yake, n'kumawazungulitsa madala dera lonse, mtengo uliwonse mandasi ake.

Atamufunsa, sanakane.

"Munati wamoyo, agogo. Simunati wina."

Ine ndikuti mwana ameneyo asamutaye. Kudziwa mitengo isanu ndi umodzi ya mbalame imodzi, ndi maola ake, ndiye ntchito imene ena amalandira nayo digiri.

*

Nkhani ya miimba ya ku Liwonde inafika kuno mochedwa koma inakambidwa kwambiri. Kumalo osungira nyama kumeneko miimba inali itasowa, pakuti kunalibe zilombo zosiya mitembo. A African Parks anayamba kuyang'anira malowo mu 2015, nabweretsa akakwiyo mu 2017 ndi mikango mu 2018, ndipo posakhalitsa miimba inayamba kutera yokha, popanda woiitana.

"Inadziwa bwanji?" anafunsa wa butchala.

Mkulu wa ku Nyika anati miimba imauluka pamwamba kwambiri ikuyang'anana, wina akatsika anzake a kutali amaona n'kutsatira.

"Basi ndamva," anatero wa butchala. "Ndi mmene amadziwira abale anga a ku Mzimba kuti ndalandira ya chipeleganyu."

*

Mkangano umene sunathe mpaka lero ndi wa chithunzi. Lamulo la oonerera mbalame ndi lakuti ukanena kuti waona yosowa, pamalo pamene sinalembedwepo, ubweretse umboni. Mnyamata wa jumbo uja, pofuna kutsuka dzina, anajambula kadontho kakuda pakati pa mtambo. Aphunzitsi akuti ndi Taita Falcon, kamphamba kosowa zedi ka m'maphompho ngati a kumunsi kwa Victoria Falls. Mkulu wa ku Nyika akuti ndi namzeze. Anasiya kupatsana moni kwa sabata ziwiri. Mtsikana uja anaona kuti kadontho komweko kali pamalo omwewo pa chithunzi cha ukwati wa msuweni wa mnyamatayo, pamphumi pa mkwatibwi, koma waopa kunena chifukwa onse awiri ndi akuluakulu.

*

Tsono funso limene gululi limakangana nalo likakhala pansi ndi lakuti: kodi akabawiwa akufalikiradi, kapena amene afalikira ndi anthu a makope? Charles Belcher analemba za mbalame za Nyasaland mu 1930, banja la a Benson linatulutsa buku lawo mu 1977, a Dowsett mu 2006. Ndi ntchito yaikulu, yoyenera kuivulira chipewa. Koma anthu ochepa sangaime paliponse, ndipo mapu a mbalame amadzaza msanga kumene kuli msewu, nyumba ya alendo ndi munthu wa magalasi. Ku Nyika, ku Zomba ndi ku Liwonde kunapondedwa kwambiri. Kuseri kwa tchalitchi cha ku Mzilawaingwe ndani anaimako ndi cholembera? Kufalikira kwenikweni kulipo, inde. Mpheta za m'nyumba zija zadzaza m'magolosale, zoti mwana wa lero amayesa n'zamakolo, zinayamba kulembedwa m'Malawi mu 1967, zitachokera kummwera kumene zinabwera ndi anthu. Koma kuti usiyanitse mbalame yatsopano ndi mbalame imene inalipo kale osalembedwa, uyenera kufunsa munthu amene wakhala akuyang'ana kumwamba zaka makumi atatu pa chifukwa chenicheni. Munthu ameneyo ndi mayi wa nkhuku. Iye salakwitsa tsiku, chifukwa tsiku lililonse lolembedwa linamudyera ndalama.

Choncho inu a ku Mchengautuwa, ku Masasa, ku Katawa, ku Luwinga ndi kwina konse, mukaona kabawi wachilendo musathamangire legeni. Lembani tsiku, nthawi, mtengo umene anatera, mtundu wa chifuwa ndi miyendo, ndi chimene wanyamula, ngakhale chikhale chanu. Anapiye aphimbireni ndi dengu kapena muwamangire kakhola ka waya mpaka atakula. Mukakumana ndi anthu a makosi m'mwamba, aonetseni kopelo. Ndipo inu a magalasi, pobwera kudzafunsa musaiwale "odi" katatu, komanso mutengeko ndalama ya msoti.